Mkwatibwi wa ku Msasa wa Aroma

Kirrily anafika pachipata cha paki Loweruka m'mawa atavala nsalu yoyala pabedi imene anaisoka yekha mokhotakhota. Kuseri kwa mitengo ya bulugamu kunali matenti, utsi wa nkhuni, ndi azibambo akuluakulu a mumzinda wa Perth momwemu, ena mimba zili patsogolo, akuguba ndi zishango ngati asilikali a ku Roma wakale.

"Watsopano eti?" anafunsa Amayi Glenda, mtsogoleri wa gulu lotsanzira moyo wa Aroma akaleli, akumupatsa kathumba kachikopa. "Foni, wotchi, ndolo, mphete, chilichonse cha masiku ano chilowe m'menemo. Ukadutsa chingwe ichi, uli ku Roma."

"Mphetenso?"

"Mphetenso, mwanawe. Ine ndavula ndi magalasi omwe, moti pano sindikukuona n'komwe. Ndiwe wokongola?"

Kirrily anaseka, n'kuvula mphete yake ya chitomero. Anamuveka mpheteyo ndi Brodie, mnyamata wa ku migodi ya chitsulo kumpoto, amene ankatha milungu asanaponde pakhomo. Ukwati wawo unali mu Novembala. Chimene chinamubweretsa Kirrily kumsasa kuno kunali kusungulumwa basi. Anali atatopa kucheza ndi makoma a nyumba.

Sanayende patali.

"Achemwali, imani pomwepo! Mukufuna kutiyalutsa?"

Wolankhulayo anali mnyamata wa tsitsi lofiira, atakhala pakachitsa pakati pa zikopa. Ankaloza nsapato zamphira zimene Kirrily anavala.

"Zalakwa chiyani nsapato zanga?"

"Mfumu ya Roma ikaziona ikomoka. Bweretsani phazi kuno."

Dzina lake linali Rowan, koma mumsasa ankamutcha Rufus. Mkati mwa sabata ankakonza mafiriji, Loweruka ankasokera gulu lonse nsapato za zingwe. Anagwada, n'kuika phazi la Kirrily pachikopa, n'kulizunguliza ndi khala. Atadzutsa mutu anamuyang'ana kumaso, kenako maso ake anatsikira pachala cha kumanzere. Panalibe kanthu. Anamwetulira ngati mwana amene watola switi panjira.

Kirrily anakuona kuyang'anako. Anadziwa bwinobwino chimene Rowan ankafufuza. Mawu anali pakamwa penipeni: "Ndili naye wanga, mphete ili m'kathumbamu." Akanatero, nkhani ino bwenzi itathera pachikopa pomwepo. Koma anangoseka, n'kunena kuti khalalo likumugirigisha.

"Dzina lachiroma muli nalo?"

"Ayi."

"Ndiye ndinu Livia. Likukukhalani."

Madzulo anthu atayamba kupasula matenti, aliyense anatsegula kathumba kake. Kirrily anatulutsa foni ndi wotchi. Mpheteyo anaisiya mkati mpaka atalowa m'galimoto.

Tinene zoona: tsiku loyambalo mlandu unali wa lamulo la msasa. Koma Loweruka lotsatira palibe amene anamuuza kuti avule mphete adakali kunyumba. Anavula yekha.

Rowan anamuphunzitsa kuphika buledi paphulusa ndi kumanga chovala paphewa kuti chisagwe anthu akuona. Nsapato zitatha anamuveka yekha. Kenako mauthenga anayamba kulowa.

"Livia wanga, ndili kuseri kwa firiji ya munthu, koma mtima uli pa iwe. Ndatsala pang'ono kugwidwa ndi magetsi!"

"Rufus, samala, gulu lingasowe nsapato."

"Gulu lokha? Nanga iwe?"

Kirrily anayang'ana foni nthawi yaitali. Kenako analemba: "Inenso ndingakusowe."

Uthengawo usanazizire n'komwe, foni inaliranso. Anali Brodie. "Bebi, kuno fumbi lokhalokha. Ndikuwerengera masiku. Ndi Aroma akowo zikuyenda?"

Kirrily anakhala pansi m'khitchini, foni ili m'manja, akudzida. Kodi iye anali munthu wotani? Ankadzinyengerera kuti amene akukonda Rufus ndi Livia, mkazi wongopeka wa Loweruka, ndipo Kirrily weniweni ndi wa Brodie. Koma nanga bwanji Lachitatu, atavala yunifolomu ya kuchipatala cha mano kumene ankagwira ntchito, mtima unkadumpha foni ikalira?

Brodie atabwera kudzapuma, zinthu zinaipiraipira, chifukwa mwana wa eni ake sanalakwe chilichonse. Anaona nsalu ya pabedi ija ili pachingwe, n'kuseka mpaka misozi.

"Mkazi wanga akuyenda m'tauni atavala zofunda? Ayi ndithu!"

Mawa lake anabwera ndi nsalu yaubweya yeniyeni, yofewa, yobiriwira.

"Kasangalale, bebi. Ndikakhala kumgodi ndimada nkhawa kuti uli wekha. Anthu amenewo ndimawathokoza."

Kirrily anamukumbatira mwamphamvu kuti asamuone kumaso. Loweruka lake anavala nsaluyo kumsasa, ndipo Rowan ataiona anagwetsa nyundo.

"Duwa langa, ufuna undiphe?"

Tsiku limenelo atamaliza anapita kunyanja awiri, n'kukhala pamchenga akudya nsomba ndi tchipisi za m'pepala. Kirrily anali atatsimikiza mtima kuti lero anena.

"Rowan, pali chinthu."

"Dikira, ndiyambe ine," anatero Rowan, akuthamangitsa mbalame imene inkazemberera tchipisi. "Ndinali ndi mtsikana kale. Ankandiuza kuti zachiromazi amazikonda, koma kumbali ankandijambula n'kumaseka ndi anzake. Ankati ndine bambo wamkulu wosewera nkhondo nditavala siketi. Nditadziwa ndinalumbira kuti za akazi ndasiya. Kenako kunabwera iwe ndi nsapato zako zonyansa zija."

"Rowan..."

"Ndikulonjeza chinthu chimodzi, mtima wanga. Ine sindidzakunamiza. Kunama sinditha n'komwe, nkhope imafiira ngati tsitsili. Tsopano nena chako."

Akananena bwanji? Munthu wakutambasulira bala lake chonchi, iwe n'kuthirapo mchere?

"Ndimafuna kunena kuti nsapato ya kumanzere ikundithina," anatero Kirrily.

Rowan anaseka, n'kumupsompsona pachipumi. Kirrily anabwerera kunyumba akulira njira yonse, mpaka anaphonya pokhotera.

Kumayambiriro kwa Seputembala, Amayi Glenda anasonkhanitsa gulu pansi pa mtengo.

"Chionetsero chachikulu chayandikira. Chaka chino anthu atopa ndi kuguba kwanu, akufuna ukwati wachiroma. Mkwati ndi Rufus. Mkwatibwi, kodi n'kufunsanso?"

Gulu lonse linatembenukira kwa Kirrily, likuimba mluzu.

"Amayi Glenda, ine ndine watsopano, mwambo sindikuudziwa."

"Mwambo tikuphunzitsa. Kuyang'anana kumene mumayang'ananako ndi kumene sitingaphunzitse munthu."

Kirrily anavomera. Anadziuza kuti ndi masewera chabe, ndipo chionetsero chikangotha amuuza Rowan zonse. Munthu wozengereza sasowa tsiku lina loti akankhirepo nkhani.

Chimene sanadziwe n'chakuti gulu lonse linali ndi chinsinsi chake. Sanadabwe n'komwe kuti bwanji Rowan masiku amenewo ankakhalitsa kwa wosula zitsulo wa mumsasamo, kapena bwanji azimayi ankasiya kulankhula iye akafika.

Tsikulo linafika, dzuwa lili phwee, ntchentche zili ponseponse. Kunja kwa chingwe kunadzaza mabanja, ana atanyamula masoseji a m'buledi, makolo mafoni ali m'mwamba. M'tenti azimayi anagawa tsitsi la Kirrily ndi nsonga ya mkondo monga ankachitira Aroma, n'kumuphimba kumutu ndi nsalu yofiira ngati moto.

"Ukunjenjemeratu," anatero Amayi Glenda. "Zili bwino, mkwatibwi weniweni amatero."

Zonse zinayenda monga anakonzera. Amayi Glenda analumikiza manja awo akumanja. Anagawana kabuledi kamodzi. Kirrily ananena mawu a mwambo amene anawaloweza: "Kumene iwe uli, inenso ndili komweko." Anthu anaomba m'manja. Chotsala chinali chakuti mkwati anyamule mkwatibwi n'kumulowetsa m'tenti mapazi osakhudza pakhomo.

Koma Rowan anagwada.

Izi pokonzekera panalibe. Kirrily anayang'ana Amayi Glenda, n'kuona akupukuta misozi. Anayang'ana asilikali, onse mano ali pamtunda.

"Kirrily," anatero Rowan mokweza. Sananene kuti Livia. Mumsasa dzina lenileni silitchulidwa anthu akuonerera, ndipo Rowan anali asanaswepo lamulo limenelo. "Aroma ankatomera mkazi ndi mphete yachitsulo. Iyi ndasula ndekha, ndapsa nayo zala zonse. Zamasewera zathera apa. Ndikukupempha zenizeni, pamaso pa abale angawa. Undilole ndikhale mwamuna wako."

Khamu linakuwa. "Vomera! Vomera!" Asilikali anayamba kumenya zishango ndi malupanga.

Kirrily anawerama mpaka nsalu yofiira ija inawaphimba onse awiri. Mkati mwa nsaluyo munali nkhope ya Rowan yokha, yowala, yodikira.

"Rowan, sindingathe," ananong'ona. "Ndine wotomeredwa. Dzina lake ndi Brodie. Tikukwatirana mu Novembala."

Rowan sanaphethire.

"Ukuti chiyani?"

"Ndinali wotomeredwa kuyambira tsiku limene unandiyeza phazi. Pepa. Pepa, Rowan!"

Anaona kuwala kuja kukuzima pang'onopang'ono. Kunja zishango zinkalirabe. Kirrily anatseka maso, akudikira kuti amukankhe, amutukwane, auze khamu lonse kuti mkazi uyu ndi wotani. Zinali zomuyenera, ndipo mumtima ankazifuna.

Rowan anaimirira. Anagwira dzanja la Kirrily ndi manja ake onse awiri, kuliphimba kuti anthu asaone kuti mphete yatsala m'chikhatho chake. Kenako analikweza m'mwamba.

"Wavomera!"

Paki yonse inagwedezeka. Amayi Glenda anakumbatira msilikali amene anali naye pafupi. Rowan anamunyamula Kirrily monga mwambo unenera, n'kumudutsitsa pakhomo la tenti mosamala. Nsalu ya pakhomo itangotsekeka, anamutsitsa, n'kubwerera m'mbuyo ngati wagwira mbaula.



"Kunyanja kuja," anatero Rowan. "Nsapato sinkakuthina, eti?"

"Ayi."

"Iyeyo akudziwa za ine?"

"Ayi. Ndi munthu wabwino, Rowan. Chovala chobiriwira chija anandigulira ndi iye."

Rowan anaseka kaphwete kowawa. "Ndiye tilipo awiri opusa."

"Usatero! Ndinakukonda. Ndikukukondabe, ndiye chifukwa chake ndinkalephera kunena!"

"Usandiuze zimenezo, Kirrily. Ukanati unkangosewera nane, bwenzi ndikudziwa pokuika. Izi nditani nazo?"

Kirrily anagwada pamphasa, misozi ikunyowetsa nsalu yofiira. "Bwanji sunandiyalutse? Bwanji wanena kuti ndavomera?"

"Kunjaku kuli ana, abwera kudzaonera ukwati. Ndipo pali mafoni ochuluka. Ukufuna Brodie wakoyo amve nkhaniyi kwa anthu? Akamve kwa iwe." Anapukuta kumaso ndi mkono. "Tulukira kumbuyoku. Ndiwauza kuti mkwatibwi wachiroma saonekanso akalowa m'nyumba. Gulu ndidzaliuza ndekha mawa."

"Rowan, ndikhululukire."

"Lero ayi."

Anatola dengu la mtedza limene linali pakona, poti mwambo unali usanathe: mkwati amayenera kuwaza mtedza kwa ana. Anaima pakhomo kanthawi, msana uli kwa Kirrily. Anapuma kamodzi, n'kukweza mapewa, n'kutuluka.

"Ana a Roma, bwerani! Mkwati wasangalala lero!"

Kirrily sanatuluke msanga. Anasuzumira pakampata ka nsalu. Rowan anali pakati pa ana, akuwaza mtedza uku ndi uku, anzake akumumenya pamsana ndi kumufunira mafuno abwino. Ankaseka mokweza, akuthokoza aliyense, nkhope ili psuu mpaka m'makutu. Anthu ankati ndi chimwemwe.

Kirrily yekha ndi amene ankadziwa chimene chafiiritsa nkhopeyo. Munthu amene sankatha kunama anali panja akunamiza paki yonse, kuti iye amene anamupweteka atuluke bwino kumbuyo kwa tenti.