Kankhupa ka Anangozo

M'chaka cha 2078, munthu wokwera phiri la Dedza m'mawa ankamva kaphokoso ka go! go! go! m'mitengo ya paini. Sizinali mbalame ayi. Anali maloboti aang'ono ngati nkhunda, amene anthu anawatcha agogomole. Gogomole aliyense ankakwera mtengo, n'kupala khungwa mopyapyala ngati chikhadabo, kenako n'kumata balalo ndi utomoni kuti mtengo usaume. Makungwawo ankawaphikira m'mimba mwake momwemo, ndipo dzuwa likapendeka ankatsika ndi kabotolo ka madzi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Mbusa wa agogomolewo anali a Yotamu Mbewe, amene paunyamata wawo ankacheka matabwa m'phiri lomwelo. Tsopano ntchito yawo inali kutsegula khola, kunola milomo yobuntha ndi kutola amene agwa. Ntchitoyi ankaigwira ndi mtima wonse, chifukwa madzi ofiirirawo ankapita kuchipatala cha m'tsinde mwa phiri, ndipo pakati pa odikira mankhwalawo panali mkazi wawo.

Anangozo anali mmisiri woumba mbiya, koma nyamakazi inawalanda manja. Zala zinatupa n'kupindika ngati mizu. Duku ankawamanga ndi a Mbewe, ndipo nthawi zonse linkakhota, moti amayi anzawo kutchalitchi ankadziwa okha amene wamanga.

Tsiku lawo litakwana, Dokotala Msosa, mayi wamng'ono thupi woyankhula mofatsa, anawaonetsa kachitsulo konga njere ya nyemba.

"Mayi, m'magazi mwanu muli asilikali oteteza thupi," anatero. "Kachilombo kakalowa, iwo amathamangira pamenepo. N'chifukwa chake malo amatupa, kufiira ndi kutentha. Koma anuwa anasokonezeka, akumenya mfundo za zala zanu ngati ndi adani. M'makungwa a paini muli mankhwala owaziziritsa mtima. Akale ankangomwa, mphamvu yambiri n'kutayikira m'mimba. Kanthu aka kamamatirira pamkono n'kumalawa magazi. Kakamva kuti asilikali ayamba ndewu, kamadontheza mankhwalawo pompo. Timakatcha kankhupa."

"Nkhupakupa pathupi panga?" Anangozo anafunsa. "Kodi ine ndasanduka ng'ombe?"

"Lolani, Anangozo," anatero a Mbewe. "Nkhupa iyi siyamwa, imalavula."

Kankhupa katamatirira, kanayaka kobiriwira. Dokotala anati mtundu umenewo ukutanthauza kuti m'thupi muli bata.

Mvula isanathe, zala zinaphwa. M'mawa wina a Mbewe akumwa tiyi, anangomva khutu lawo likutsinidwa. Atacheuka anapeza mkazi wawo akuseka, misozi ili mbwee.

"Zawawa?"

"Zawawa kwambiri," anayankha a Mbewe. "Tsinaninso linali."

Kamphika koyamba kamene Anangozo anaumba, a Mbewe anakwera nako kuphiri n'kukaimika pakhomo la khola.

"A Mbewe, mwayamba kuonetsa miphika kwa zitsulo?" mkazi wawo anawafunsa atabwerera.

"Nanga si anaumba nawo? Akuyenera kuona ntchito yawo."

Chilimwe chitafika, Anangozo anapita kudambo kukakumba dothi, ndipo anaponda phale lakuthwa lobisika m'matope. Anatsuka balalo, n'kumanga kansanza. Mawa lake silinatupe. Mkuja wake silinafiire, silinawawe n'komwe.

"Taonani," ankatero monyadira, "masiku ano ngakhale bala likundichitira ulemu."

Koma pasanapite nthawi anayamba kuwodzera masana, dothi lili m'manja. Chakudya ankangochilawa. Tsiku lina a Mbewe potsika kuphiri anapeza mbiya itasweka pabwalo, Anangozo atatsamira khoma, akuwayang'ana ngati mlendo.

"Achimwene, mwabwera liti?" anafunsa.

Mlongo wa Anangozo amene ankamutchulayo anamwalira kalekale. A Mbewe anawagwira pachipumi, koma panali pozizira ngati mtsuko. Pamkono kankhupa kanali kobiriwira ndithu. Atamasula kansanza kaja, anapeza bala lili lotuwa, lopanda mafinya, koma mzere wakuda utakwera kuchokera kuphazi kulowera kubondo.

A Mbewe anali asanakwerepo kabaza wa m'mwamba, ndege yaing'ono yodziyendetsa yokha imene inkanyamula odwala. Ankati munthu wanzeru sasiya miyendo yake kulendewera pamwamba pa mitengo. Tsiku limenelo anamuitana okha, nakwera atafukata mkazi wawo, osayang'ana pansi.

Dokotala Msosa anaika dontho la magazi m'makina oyezera. Zotsatira zitatuluka pagalasi, anatembenukira kwa a Mbewe.

"Tizilombo ta m'matope tafalikira m'magazi," anatero. "Asilikali anationa, koma akangoti adzuke, kankhupa kamawagonekanso. Sikasiyanitsa ndewu yopusa ndi nkhondo yeniyeni. Tinakaphunzitsa kuzimitsa moto, bambo, osakauza kuti moto wina ndi wophikira."

"Abayeni jakisoni basi," anatero a Mbewe.

"Tibaya, koma tizilombo ta masiku ano sitigonja ndi jakisoni yekha. Thupi liyenera kumenya nawo. Kankhupa kachoke lero lomwe." Dokotala anatembenukira kwa wodwalayo, amene madzi a diripi anali atamutsitsimutsa pang'ono. "Mayi, sindikubisirani. Asilikali akadzuka angabwererenso kuzala zanu, mwina ndi ukali woposa kale. Ndipo sindingakubwezereni kankhupa mpaka titakakonza."

Anangozo anaphimba kachitsuloko ndi dzanja.

"Ayi. A Mbewe, auzeni asachotse."

A Mbewe anagwada pambali pa bedi.

"Anangozo, mbiya zilipo pamsika uliwonse. Inu ndikakupezani pamsika uti?"

"Mwaiwala mmene ndinalili? Kudikira munthu kuti anditsegulire botolo? Ndidzakhalanso mtolo wanu."

"Mtolo wodzisankhira wekha sulemera. Ine ndinafunsira inu, sindinafunsire zala."

Anangozo anayang'ana manja awo nthawi yaitali. Anawafumbata, n'kuwatambasula, n'kuwafumbatanso, ngati munthu wotsanzikana ndi mwana pa depoti. Kenako anagwira tsaya la mwamuna wawo, n'kulisisita ndi chala chilichonse pachokhapachokha.

"Chotsani, adokotala," anatero.

Kankhupa katachoka, panalibe chimene chinasintha. Thupi linakhalabe lozizira. Dokotala ankalowa, kuyang'ana pagalasi, n'kutulukanso. Kunja kunacha kachiwiri, mzere wakuda uja utadutsa bondo. A Mbewe sanachoke pampando. Ankangoika chikhatho pachipumi pa mkazi wawo n'kumanong'ona ngati akudzutsa ana aulesi: "Dzukani, anyamata. Mudzi ukupsa."

Chakumasana Anangozo anayamba kunjenjemera. Mano anagundana, thukuta linanyowetsa pilo, phazi linatupa n'kufiira ngati tomato wakupsa. Mwadzidzidzi anatsegula maso.

"Mayo, mwendo wanga! A Mbewe, mwakhalira mwendo wanga kodi?"

A Mbewe anawagwira pachipumi, n'kuchotsa dzanja msanga ngati akhudza chiwaya. Anatuluka m'chipindamo chothamanga, nsapato imodzi itatsala pansi pa bedi.

"Watentha! Mkazi wanga watentha thupi!" ankafuula uku akuvina m'khonde la chipatala. Anamwino anayang'anana, kuganiza kuti mkuluyo mutu wazungulira. Koma Dokotala Msosa atamva, anathamanga kukaona yekha, ndipo potuluka ankaseka akupukuta m'maso.

Anangozo anachira, ngakhale kachala kakang'ono ka kuphazi anakadula. Nyamakazi nayo inabwerera monga ananenera dokotala, ndipo nyengo yonse yozizira manja awo anali m'madzi ofunda. Uthenga unapita kwa onse ovala kankhupa kuti abwere nako, ndipo mwa iwo munapezeka ena angapo amene matenda ankawadya mwakachetechete, iwo akuyenda n'kumaseka.

Kankhupa katsopano kanatuluka chaka chotsatira. Aka kankadontheza mankhwala a paini mosamala, ndipo kakamva fungo la kachilombo m'magazi kankaleka, n'kusiya asilikali agwire ntchito yawo. Anangozo anakavala, koma zala zawo sizinawongokenso bwinobwino. M'mawa zinkauma mpaka dzuwa litakwera, choncho ankaumba masana okha, ndipo mbiya zawo zinkatuluka zokhuthala milomo. Akadzicheka ndi mpeni, chala chinkatupa, iwo n'kumadandaula, a Mbewe n'kumamwetulira chamumtima.

Anthu a m'tsinde mwa phirilo anakula akudziwa kuti kutupa ndi kutentha thupi n'kudwala, koma Anangozo anawaphunzitsa kuti nthawi zina ndi mmene thupi limanenera kuti silinafune kufa.