Thabwa Lofiira la Kabedi

Thovu linali litamufika m'zigongono pamene alamu ake anatulukira pachipata akukankha njinga, mabatani a malaya atawamanga mosemphanitsa. Waphuma anasiya kuchapa yunifolomu yake n'kuwayang'anitsitsa. Munthu ameneyu sankatuluka m'nyumba asanapese tsitsi.

Atapuma pang'ono, alamu ananena kuti achemwali ake a Waphuma achira, masiku asanakwane. Mwana anali wamkazi, wochepa thupi koma woyamwa bwino. Anamwino anati mayi ndi mwana atuluka mawa, ndipo khandalo lizigona pamalo pakepake poyera, pafupi ndi bedi la amake.

Amayi, omwe ankasesa pakhonde, anaika tsache pansi, nagwada pomwepo. Milomo yawo inagwedera kwa kamphindi. Sankapemphera mokweza ngakhale pachisangalalo. Atadzuka anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, n'kutembenukira kwa mwana wawo wamkazi wamng'onoyo.

“Waphuma, katulutse kabedi ka ana kaja m'chipinda cha katundu. Tikatsuke dzuwa likadalipo.”

Sopo anamupulumuka m'manja n'kumira m'beseni.

Kabediko munalibe m'chipindamo. Kanali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, ndipo munali anapiye. Kumayambiriro kwa teremu, aphunzitsi a zaulimi anauza ophunzira kuti aliyense awete kanthu kunyumba. Sabata imeneyo amayi anali kwa achemwali. Waphuma anapeza kabedi kafumbi pansi pa matumba ndi mipando yothyoka, ndipo anakaona ngati matabwa ongowonongeka. Anakadula miyendo ndi sowo ya malemu bambo ake, anakhomera waya pamwamba, kunja konse n'kupaka penti yobiriwira. Amayi atabwera, iye anawauza kuti matabwawo anapatsidwa kusukulu. Iwo anayamikira luso lake, ndipo m'mawa uliwonse iye akachedwa ankamuthirirako gaga anapiyewo.

Analowabe m'chipinda cha katundu. Anasuntha matumba, anagubuduza ndowa yobooka, kufuna chinthu chimene ankadziwa kumene chili. Kenako anatuluka. Anati kabedi sakukaona. Amayi atamufunsa kuti kangapite kuti, mawu anatuluka okha asanawaganize: mwina Atelala anabwereka osabweza.

Atelala anali mayi woyandikana nawo nyumba, amene makina ake osokera ankamveka tsiku lonse kuseri kwa mpanda. Ndiwo ankamusokera Waphuma yunifolomu ikang'ambika, osafuna kanthu. Amayi anakayika, komabe anapita kumpanda n'kuitana mwaulemu. Makina anasiya kulira.

Atelala anabwera tepi yoyezera ili m'khosi. Atamva nkhani ya mwana anawomba m'manja, koma atamva funso la kabedi nkhope yawo inagwa. Anakumbutsa amayi kuti mdzukulu wawo atayamba kuyenda anabweza kabediko okha, atakatsuka, ndi kansalu katsopano pamatiresi.

“Amake Waphuma, ine ndi inu tingabisirane kabedi kameneka? Kameneka?”

Amayi anachita manyazi, napepesa, nalowa m'nyumba kukafunanso okha. Alamu anawatsatira kukathandiza kunyamula matumba. Panja panatsala anthu awiri ndi kulira kwa anapiye.

Atelala sanabwerere kwawo. Anayenda pang'onopang'ono kulowera kuchingwe, ngati munthu wofuna pobisa nkhope. Atafika pa khola la anapiye anaima. Anawerama, nasuzumira pa waya. M'kati Waphuma sanapakemo penti. Matabwa onse a pansi anali oyera, kupatula limodzi la m'mbali, lofiirira, lomwe zitosi zinali zitalimata theka.

Mayiyo anaika dzanja pakamwa. Kenako anamukodola Waphuma ndi chala.

Sanamukalipire, ndipo zimenezi ndi zomwe zinamuopsa kwambiri. Anamufunsa motsitsa mawu ngati anadabwapo kuti n'chifukwa chiyani kabedi ka khanda kanali kotakata chonchi. Waphuma anapukusa mutu. Atelala anati bambo ake anakakhoma achemwali ali m'mimba, kakang'ono bwinobwino. Patapita zaka anakaphwasula mbali imodzi mothamanga n'kuwonjezera thabwa lofiiralo, poti la mtundu woyamba linali litasowa.

“Anawonjezera chifukwa kuchipatala anabwerako ndi ana awiri, mwanawe. Iwe ndi mlongo wako.”

Waphuma anakana. Anati iye alibe mlongo. Anabwereza kawiri, ngati kuti kubwerezako kukonza zinthu.

Atelala anati analipo. Ankagona mutu uku, iye mutu uko, timapazi tikugundana pakati. Mnyamatayo anadwala chifuwa nyengo yozizira, ndipo anapita asanamere dzino. Ngakhale dzina loti Waphuma, limene aliyense ankayesa kuti linabwera chifukwa cha kupupuluma kwake, linayambira pomwepo: bambo ake ankaseka kuti anatsogola kutuluka osamudikira mnzake. Maliro atatha, amayi sanamutchulenso mwanayo pamaso pa anthu. M'malo mwake anayamba kubwereketsa kabediko kwa aliyense wochira mumsewu wawo. Ana a ogulitsa makala anagonamo, mwana wa mlonda wa pasukulu anagonamo, adzukulu a Atelala nawonso. Nthawi iliyonse kakamatuluka pachipata, amayi ankasisita thabwa lofiiralo ndi chikhatho.

Waphuma anayang'ana manja ake, omwe thovu linali litaumirapo. Anakumbukira mmene sowo inkalirira podula miyendo, ndi mmene anasekera yekha poona kuti ntchito ikuyenda msanga. Anakumbukiranso amayi ataweramira kholali m'mawa uliwonse ndi mbale ya gaga, maso awo ofooka osaona chimene chinali pansi pa zitosi.

M'nyumba munkamveka kukoka kwa matumba ndi chifuwa cha amayi chifukwa cha fumbi. Atelala anamuuza kuti iwo sanena kanthu. Waphuma akafuna, iwo atha kupita kwawo n'kusiya nkhaniyo ikhale pamutu pawo, poti munthu wamkulu sathyoka ndi mawu amodzi. Anavula tepi m'khosi n'kuyamba kuyeza m'litali mwa kholalo, akung'ung'udza kuti matiresi akale aja sangakwanenso bwino, afunika kusoka ena.

Kukoma mtima kumeneko kunamuwotcha Waphuma kuposa mbama. Anathamangira kukhomo n'kuitana amayi kuti atuluke.

Anatuluka ndi ulusi wa kangaude kumpango, alamu ali pambuyo. Waphuma sanathe kufotokoza. Anangowatsogolera kuseri, nagwada, nayamba kukanganula waya ndi manja. Msomali unamubaya chala, koma sanasiye. Anapiye anabalalika pabwalo ponse. Anakatenga yunifolomu yonyowa ija m'beseni, ndipo ndi mkono wake anapukuta zitosi mpaka thabwa lofiira linaonekera lonse.

Alamu anatsegula pakamwa kuti aseke, poganiza kuti mwana wawo woyamba akalowa m'malo mwa nkhuku, koma ataona nkhope ya apongozi awo anameza chisekocho. Anayang'ana miyendo yodulidwayo, nanena chapansipansi kuti mnzawo wa pashopu ya matabwa atha kuikanso ina lero lomwe. Atelala anali atayamba kale kutolera anapiye m'dengu.

Amayi anakhala pansi, padothi pomwepo. Anatambasula dzanja, nasisita thabwalo kuchokera uku kukafika uko. Misozi sinatuluke. Anangoyang'ana penti yobiriwira, kenako mwana wawo, kenako Atelala, ndipo anazindikira kuti chimene anasunga mumtima zaka zonsezi chanenedwa. Ataona magazi pachala cha Waphuma, anamasula mpango wawo n'kumukulunga chalacho.

Waphuma akanakonda akanamumenya. Anafuna kunong'ona, monga ankachitira amayi ake popemphera, koma anadziwa kuti bodza lija analinena mokweza, anthu onse akumva. Choncho anakweza mawu.

“Amayi, matabwa aja sanali a kusukulu. Ndinadula ndine, osafunsa. Atelala, ndinakunamizirani inu amene mumandisokera. Ndikhululukireni nonse.” Anaika dzanja lomangalo pa thabwa lofiira, pambali pa la amayi ake. “Ndi iwenso, mlongo wanga, undikhululukire. Sindinkadziwa kuti ndi malo ako.”