Lilime la Conrad Daka

Conrad Daka anali loya, koma loya wosauka. Ofesi yake ku Petauke inali kachipinda kuseri kwa chigayo, ndipo ufa unkatera pa jekete yake imodzi yomweyo. Milandu yake inali ya mbuzi ndi malire a minda, yambiri n'kuluzanso. Chimene chinkamuwawa kwambiri ndi Godwin, mnzake amene ankamukopera mayeso kusukulu. Ameneyo ankadutsa pa galimoto yaikulu, n'kungoliza hutala osaima.

Njiru itamudya mokwanira, Conrad anapita ku Nyalugwe kwa amai Margarida, sing'anga amene anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Anawapeza masana akusankha thonje pakhonde.

"Ndifuna ndikalankhula anthu azikhulupilila," anatero Conrad.

"Mawu sagulidwa ndi ndalama, aDaka. Agulidwa ndi mawu anzake. Mukakwela, wina pakhomo panu atseka pakamwa."

"Adzafa?"

"Iyai. Adzadya, adzayenda. Koma simudzamumvanso."

"Ndani ameneyo?"

"Sindine wosankha. Mankhwala asankha okha, ndipo akonda amene akukondani."

Conrad anakumbukira mkazi wake Maureen, mmene ankadandaulira za sopo ndi shuga m'mawa uliwonse. Anavomera. Amaiwo anamutema mphini pansi pa lilime, n'kupakamo mankhwala akuda.

Pa mlandu wotsatira Conrad anaimira wamalonda wina amene ankalanda munda wa mkazi wamasiye. Anawina mosavuta. Atafika kunyumba, Maureen anatsegula pakamwa kuti amulonjere, koma munangotuluka mpweya. Madokotala a ku Lusaka sanapeze matenda. Conrad anamugulira zitenje zodula, mkaziyo n'kumangomuyang'ana.

Milandu inachuluka, chuma n'kubwera. Kenako anatsegula kabanki kake ku Nyimba, kobwereketsa alimi a thonje. Akalankhula, alimi ankapereka ng'ombe zawo ngati chikole akumwetulira. Tsiku lotsegulira bankiyo, amai ake omubala ku Kalindawalo anaduka mawu pakati pa pemphero.

Pamene achipani anamupempha kuti aimire uphungu wa nyumba ya malamulo, Conrad anachita mantha. Pakhomo panatsala mawu amodzi okha, a mwana wake Yvonne, amene ankatsogolera kwaya kutchalitchi. Anabwerera ku Nyalugwe.

"Amai, tengani ng'ombe, tengani galimoto. Mwana yekhayo mulekeni."

"Lekani mpandowo, bambo, mwana atsala. N'chapafupi."

Conrad anabwerera ku Petauke. Mlungu womwewo anakalembetsa dzina lake pa chisankho.

Anawina. Lamlungu lotsatira Yvonne anayambitsa nyimbo, n'kuthera pakati. Mpingo unadikira, koma mtsikanayo anangogwira pakhosi, misozi ili chuchuchu.

Conrad anapitabe ku Nyimba kukathokoza omuvotera. Anthu anadzaza bwalo, ena atakwera pa njinga kuti amuone. Atatsegula pakamwa, munatuluka mawu a Maureen.

"Bambo a Yvonne, munandigulitsa chifukwa cha sopo?"

Anatseka pakamwa ndi dzanja, koma mawu a amai ake anabowola. "Conrad mwana wanga, ndinali kupemphelela iwe."

Kenako Yvonne anayamba kuimba m'kamwa mwa bambo ake, kupitiriza pomwe analekezera. Anthu anathawa, njinga zili mbwee.

Ku nyumba ya malamulo sanakhaleko. Alimi anadzidzimuka ngati otuluka m'tulo, nakatenga ng'ombe zawo, banki n'kugwa. Conrad atathamangira ku Nyalugwe anapeza nyumba ya amai Margarida itagumuka, mutamera udzu. Maureen anatenga mwana wake kupita kwa apongozi ake ku Kalindawalo, komwe amalima chimanga ndi kulankhulana ndi manja. Mawu awo sanabwerere.

Conrad amayendayenda mumsewu waukulu pakati pa Nyimba ndi Petauke, m'kamwa atatsekamo nsanza. Oyendetsa minibasi amati nsanzazo zikagwa, akaziwo amayambiranso kumufunsa.

Umphawi umawawa, koma sudya abale ako. Dyera ndilo limadya, ndipo limayambira kwa amene amakukonda. Wofuna chuma cha mankhwala adziwe kuti wolipira si iye yekha.