Tambala Ali pa Quarantine

Unali m'mawa wa Loweruka, mwera ukuwomba, pamene amalume ake a Dativa, a Fexon, anafika ku Mbamba Bay atapanira tambala wofiira kukhwapa.

"Mphatso yako iyi, mlongo wanga," anauza mayi ake a Dativa. "Ndagula ku Lituhi. Kumeneko aliyense akugulitsa nkhuku."

Dativa analandira tambalayo ndi manja awiri. Koma sanapite naye kukhola, kumene thadzi la mayi ake linkafungatira mazira. Anakamuvundikira ndi dengu kuseri kwa mtengo wa mango.

"Iwe, mphatso ya amalume ako ukuibisa ngati yakuba?" mayi ake anakalipa.

"Ali pa quarantine, amayi."

"Pa chiyani?" amalume anaseka. "Chizungu chafika ndi kunkhuku komwe?"

Dativa anafotokoza kuti mawuwo anawaona pachikwangwani kudoko, ndipo anakafunsa mphunzitsi wake, Mwalimu Silvanus, kusukulu. Iwo anati mawuwo anachokera ku mawu a ku Italy akuti quaranta, kutanthauza makumi anayi. Kalekale mumzinda wa Venice, mliri ukabuka, zombo zochokera kutali zinkaima pamadzi masiku makumi anayi anthu asanatsike.

"Ndinawafunsa kuti, nanga m'chombomo mukakhala mulibe wodwala? Anati ankadikirabe, chifukwa matenda amayamba abisala."

"Ndiye tambala wanga wasanduka chombo?"

"Ayi, amalume. Ndikungodabwa. Bwanji anthu a ku Lituhi akugulitsa nkhuku onse nthawi imodzi?"

Mayi ake a Dativa anayang'ana kukhola kwa kanthawi, kenako analowa m'nyumba. Dengu lija sanalikhudze.

Lolemba tambala sanalire. Lachitatu anagwetsa mapiko, khosi litapindika. Chinali chitopa. Atafa, anamukwirira m'dzenje lakuya, dengu n'kuliwotcha.

Patapita milungu iwiri amalume anabweranso, chimanjamanja. Anaima pakhola n'kumaonerera anapiye akuthamangira make.

"Mphwanga, mawu aja unkati chiyani?"

"Quarantine."

"Kwalantini," anayeserera pang'onopang'ono. "Tsiku lija ndinagula atambala awiri. Winayo ndinangofikira kumuponya m'khola kwathu ku Chiwanda."

"Nanga nkhuku zanu zili bwanji?"

"Khola ndasesa dzulo."

Dativa anatenga mbale ya madeya n'kuyamba kuwazira anapiye, amalume atamugwirira chitseko cha khola.