Mkamwini Wosisita Miyendo

Kalata inafika Lachiwiri, ndipo pofika Lachitatu mayi Dailesi anali atayinyoza kale kokwanira.

Kalatayo inali ya mkamwini wawo, Elliam, mnyamata wa ku Utale amene anakwatira mwana wawo Bernadetta n'kudzamanga nyumba kuseri kwa khola la mbuzi, m'mudzi mwawo kwa Mposa. Inachokera ku koleji ina ku Blantyre, kumuuza kuti wasankhidwa kukaphunzira kineziyoloje, maphunziro a mmene minofu, mafupa ndi mfundo zimagwirira ntchito munthu akamayenda, ndiponso mmene ungamuthandizire munthu amene thupi lasiya kumumvera.

Mwambo sulola apongozi kulankhulana maso ndi maso ndi mkamwini. Mayi Dailesi ankausunga mwambowo mwa njira yawoyawo. Mawu onse opita kwa Elliam ankawalankhula kwa nkhuku.

"Chokani apa, alesi inu," anatero m'mawa umenewo akuwaza gaga pabwalo, Elliam akukonza tcheni cha njinga chapafupi. "Kudya kokha, kuikira ayi. Kapena nanunso mwasankhidwa kukaphunzira kinezi-chiyani-kaya? Akamwini a anzanga amabwera ndi matumba a mpunga. Wanga wabwera ndi pepala."

Elliam anapitiriza kukonza tcheni chija. Kwa zaka zitatu anakhala akuthandiza anthu a bungwe lina amene ankabwera kuchipatala chaching'ono cha m'deralo kudzaona opuwala ziwalo. Anayamba ndi kuwanyamulira zikwama ndi kuwamasulira Chiyao, kenako iwo ataona manja ake anayamba kumuphunzitsa. Ndi iwowo amene anamulimbikitsa kulemba kalata ku koleji ndi kumupezera omulipirira. Koma pakhomo la apongozi ake zonsezi zinali ndi dzina limodzi: kusisita miyendo.

Masana kunabwera Chester, mchimwene wake wa Bernadetta, amene ankagula mpunga ndi nandolo pa Nsanama. Anaimika njinga yake yamoto pakati pa bwalo, n'kukhala pampando osavula chipewa.

"Alamu, ndamva kuti mwakhala dokotala," anatero akuseka. "Zaka zinayi kukaphunzira kusisita? Agogo athu ankasisita anthu ndi mafuta a nsatsi, sukulu sanaiponde. Bwerani mudzaime pa sikelo yanga, mudziyeza matumba. Imeneyo ndiye ntchito ya mwamuna wa ndevu."

"Zikomo alamu, koma mtima wanga suli pa sikelo," anayankha Elliam.

"Mtima!" Chester anatembenukira kwa mchemwali wake, amene ankapeta mpunga pakhonde, mwana wake wakhanda Thandizo ali kumbuyo. "Berna, wamva? Uzikamuphikira mwanayo mtima."

Bernadetta anaseka nawo. Kusekako kunamupweteka Elliam kuposa mawu onse a nkhuku aja. Atalowa m'nyumba anamufunsa mkazi wakeyo ngati nayenso amamuona ngati chitsiru.

"Nanga ndinene chiyani, abambo ake a Thandizo?" anatero Bernadetta osamuyang'ana. "Amuna anzanu akamatchula ntchito zawo anthu amamva. Uyu mphunzitsi, uyu telala, uyu wa geni. Inu ndikati ndifotokoze, lilime limandiluma. Mwamuna wamkulu kumayenda ndi mabotolo a mchenga ndi mphira za njinga m'chikwama ngati wamisala. Ine manyazi amandigwira."

Bernadetta anatuluka n'kumenyetsa chitseko, mwana n'kudzidzimuka kulira.

Tsiku lotsatira Chester anabweranso, ulendo uno nkhope itawala ngati munthu wotola chinthu panjira. Anawaitana amayi ake ndi mchemwali wake kuseri kwa nkhokwe.

"Dokotala wanu ndamugwira," anatero. "Loweruka lililonse amalowa m'nyumba ina kuseri kwa chigayo pa Nsanama. Muli mkazi mmenemo. Amene anasuzumira pampanda akuti anamuona atamugwira m'chiuno."

Mayi Dailesi anawomba m'manja kamodzi. "Ndinanena ine! Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Kusisita kwake n'kumeneko. Berna, Loweruka likudzali tikupita. Ukaone ndi maso ako, usadzati amayi ndi abodza."

Bernadetta analira tsiku lonse koma sanamufunse kanthu mwamuna wake. Loweruka m'mawa, Elliam atangopalasa njinga yake, iye ndi amayi ake anakwera kabaza n'kumulondola. Pa Nsanama msika unali utadzaza, koma mayi Dailesi ankadula pakati pa milu ya tomato ndi matumba a chimanga ngati akuthamangitsa wakuba. Atafika pa mpanda wa udzu kuseri kwa chigayo sanaodire n'komwe. Anakankha chitseko cha mpandawo n'kulowa.

Pansi pa mtengo wa mango panali nsungwi ziwiri zazitali, zokhomedwa pa mitengo mopingasa, zofika m'chiuno. Pakati pa nsungwizo panaima mayi wachitsikana wovala mpango wakuda, thukuta likuyenderera kumaso, manja akunjenjemera pa nsungwi. Mbali ina anamugwira ndi mwamuna wa chipewa cha kumzikiti. Elliam anali atagwada pansi patsogolo pake, dzanja lili pa bondo la mayiyo, maso ali pa phazi.

"Musayang'ane pansi, mayi Ayisha," ankatero Elliam. "Yang'anani mtengo uwo. Kulemera kwanu konse kupite ku mwendo wamanja. Eya. Tsopano chidendene chiyambe ndicho. Che Swaibu, musawanyamule, angomva kuti mulipo."

Phazi lakumanzere linakwekwereza dothi, linanyamuka pang'ono, n'kutera patsogolo. Kenako linzake linatsatira. Mayiyo anatulutsa mawu ngati kulira ngati kuseka.

"Alihamdulillah!" anafuula mwamuna uja, misozi ikutsika osaipukuta. Ataona alendo anawalonjera mwachangu, poganiza kuti ndi anthu odzazonda. "Lowani, amayi, lowani mudzaone! Mkazi wangayu anagundidwa ndi galimoto akuchokera ku Liwonde. Miyezi isanu ndi itatu ali pamphasa. Abale anga anali atayamba kale kundiuza kuti ndifune wina. Achimwene awa ndi amene anakana. Lero wayenda mapazi awiri!"

Elliam anatembenuka n'kuona mkazi wake ndi apongozi ake. Anamvetsa nthawi yomweyo chimene anadzera. Anabwerera ku phazi lija n'kunena kuti, "Tiyeni, limodzi lina, kenako mupume."

Bernadetta anaima ngati wathiridwa madzi ozizira. Anali asanamuonepo mwamuna wake akugwira ntchito. Kunyumba ankamudziwa ngati munthu wolankhula motsitsa, woyenda m'mbali mwa bwalo. Pano mawu ake anali olimba, ndipo anthu awiri akuluakulu ankawamvera ngati ana a sukulu.

Mayi Dailesi anapotoza milomo. "Ndiye chiyani?" anatero mokweza. "Mkazi wa mwini wayenda. Mwana wanga adya mapazi amenewo? Tiye, Berna. Taonera zidole zokwanira."

Elliam atafika kunyumba dzuwa litapendeka anapeza katundu wake ali mbwee pabwalo. Mabuku ake anali m'fumbi, mphira zomwe ankakokera miyendo ya odwala zili pa denga la khola, mabotolo a mchenga omwe odwalawo ankanyamula polimbitsa minofu atatayidwa kudzala. Kalata ya ku koleji inali m'manja mwa apongozi ake. Chester anali pampando, ndipo phokoso linali litakoka amayi a nyumba zoyandikana, amene anaima m'mbali mwa bwalo manja ali m'chiuno.

Tsiku limenelo mayi Dailesi sanafune nkhuku. Anamuloza Elliam ndi chala pamaso.

"Iwe mnyamata wa ku Utale, tamvera. Ndinakupatsa mwana wanga, ndinakupatsa malo omanga, ndinakupatsa dimba la mpunga. Wandibwezera chiyani? Kugwada pamapazi a akazi a eni! Kwanu kouma kuja mwina zimenezi ndi ulemu, kuno ndi zonyansa. Usankhe lero. Mawa ukaime pa sikelo ya Chester, kapena unyamule nyansi zakozi ubwerere kwanu."

Elliam anatola buku limodzi n'kulisasa fumbi.

"Amayi, sindinakuyankhenipo chikwatirireni pano. Lero mundilole. Bambo anga anafa ziwalo mbali imodzi ine ndili Fomu 2. Anagona pamphasa zaka zitatu. Tinkawatembenuza ngati thumba, chifukwa palibe amene ankadziwa chochita. Anamwalira ndi zilonda kumsana, miyendo itapindika osawongokanso. Nditayamba kuphunzira ntchito imeneyi ndi pamene ndinadziwa kuti akanatha kuyendanso. Akanatha, amayi! Ndiye mukati ndi zonyansa, nyozani ine, koma sukuluyi ndipita."

"Mwamva?" Chester anaseka. "Akufuna akadzutse akufa."

"Pita!" anakuwa mayi Dailesi, n'kuponya kalata ija pansi. "Koma upite wekha. Berna ndi mwana atsala pano. Amuna enieni alipo, sadzasowa womukwatira."

Bernadetta anatsika pakhonde. Anawerama, anatola kalatayo, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje n'kuipinda bwinobwino. Kenako anagwada pamaso pa mwamuna wake, anthu onse akuona.

"Abambo ake a Thandizo, ndinakusekani. Ndinapita ku Nsanama kuti ndikakugwireni ndi mkazi. Amene wagwidwa ndine. Mundikhululukire."

"Dzuka apo, chitsiru iwe!" anatero amayi ake. "Ukugwadira chiyani? Ukamutsatira ameneyu, dimba lija uliiwale. Ndimupatsa mng'ono wako Tikondane mawa lomwe. Ukadya fumbi ku Utale, mwamuna ali ku Bulantaya kusisita atsikana a m'tauni."

Bernadetta anaimirira, misozi ili m'masaya, koma mawu ake sanagwedere.

"Amayi, dimbalo mupatseni Tikondane, nayenso ndi mwana wanu. Ine kuyambira tsiku la ukwati wanga ndakhala ndikumva inu mukumutukwana munthuyu, mpaka ndinayamba kuona ndi maso anu. Lero ndaona ndi anga. Mayi uja atasuntha phazi, mwamuna wake analira ngati mwana. Achimwene, pa sikelo yanu alipo amene analirapo chifukwa chosangalala? Amene ndimawaona ine amachoka akudandaula."

Amayi ena m'mbali mwa bwalo anaphimba pakamwa. Chester anaimirira, nkhope itachita mdima, anakwera njinga yake n'kuchoka osatsanzika.

"Wakudyetsa mankhwala," anatero mayi Dailesi. Analavula malovu pansi, analowa m'nyumba mwawo n'kumenyetsa chitseko mpaka dothi la pakhoma linagwa.

M'mawa mwake katundu anali atamangidwa: matumba awiri, mphasa, ndowa yodzaza mbale ndi chikwama cha mabuku. Anagwirizana kuti Bernadetta akakhala ndi apongozi ake aakazi ku Utale, azikalima munda wa malemu bambo a Elliam mpaka sukulu itatha. Bernadetta anapita pakhomo la amayi ake, anagwada, n'kuodira katatu. Chitseko chinatseguka pang'ono.

"Amayi, ndikupita. Mudalitseni mdzukulu wanu."

"Ndilibe madalitso otaya," anayankha mayi Dailesi. "Mvula isanagwe ubwera pano ukulira, ndipo ndidzakuseka."

Bernadetta anapukuta m'maso, anamanga mwana kumbuyo n'kusenza ndowa. Elliam anakankha njinga yolemedwa ndi matumba. Asanatuluke pabwalo, amayi a nyumba zoyandikana anayamba kutulukira mmodzimmodzi. Wina anamulanda Bernadetta ndowa ija n'kuisenza yekha. Wina anabweretsa nkhuku yomanga miyendo, wina kathumba ka mpunga. Mayi wina wachikulire, woyenda ndi ndodo, anamugwira Elliam dzanja.

"Mwananga, bondo ili unaliwongola ndiwe, ine ndinangokhala chete poopa pakamwa pa apongozi ako. Ukaphunzire, ukamaliza usatiiwale ife a kwa Mposa."

Mayi Dailesi anatuluka n'kuima pakhonde, manja atapinda pachifuwa. Anaona gulu lonse likulowera kumsewu, mwana wawo ali pakati.

"Taonani chionetsero," anayamba mokweza, akutembenuka kufuna woseka naye. "Kuperekeza wosisita miyendo ngati akuperekeza bishopu!"

Nyumba zonse zinali zotseka, mabwalo ali mbee. Anaima pamenepo nthawi yaitali, mpaka mpango wa Bernadetta unabisika kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Mawu ena achipongwe anali atafika kale pakamwa, koma anawameza, chifukwa m'mudzi monse munalibe khutu lowamvera.