Mendulo ya Sajeni Perpetua

Kevin anali m'madzi. Bodza lake linali litakwera naye phiri.

Sabata yonse ankauza anzake kusukulu kuti amayi ake, Sajeni Perpetua, alandira mendulo chifukwa chowombera zigawenga khumi ku Kongo. Okhaokha. Zoona zake, amayiwo anali msilikali wachipatala. Ankanyamula chikwama cha mabandeji. Kevin ankaona kuti mabandeji si nkhani youza anyamata a ku Mbedza.

Loweruka banja linakonza phwando pamwamba pa phiri la Zomba, pafupi ndi damu. Nickson, mnzake wa m'kalasi, anadziitana yekha. Kunkazizira. Nkhungu inkakwawa m'mitengo ya paini, nyama ikupsa pambaula. Mendulo inkanyezimira pachifuwa cha amayi.

"Lero ndiwafunsa ndekha," anatero Nickson. "Khumi, aise. Ndi mfuti yanji?"

"Sakonda kukamba zimenezo. Idya nyama."

Kenako panaima galimoto. Munatuluka bambo wamtali wa kofia yoyera, ndodo kumanja, mwendo wakumanzere uli woikirira. Anali a Yunus, msilikali mnzawo wa amayi.

"A Sajeni," anatero a Yunus asanapereke ndi moni womwe, "phiri mwaliona tsopano?"

"Kachulu aka?" Amayi anaseka. "Kwathu ku Mulanje ana amadumphira zoterezi."

Anakumbatirana. Nickson sanachedwe. Anapukuta manja pa buluku, nakakhala pafupi ndi mlendoyo.

"Bambo, inu munalipo tsiku limene a Sajeni anawombera zigawenga khumi?"

Nyama inamuuma Kevin m'kamwa. Amayi anacheuka, namuyang'ana kanthawi. 

"Zigawenga sindinawerenge, mwanawe," anayankha a Yunus. "Ine ndinali chagada. Galimoto yathu inaponda bomba. Zipolopolo zikuthetheka ngati chimanga pachiwaya, aliyense wabisala. Ndinangoona munthu akukwawa m'matope, chikwama kumsana. Anali a Sajeni awa. Anandimanga mwendo ndi lamba, magazi analeka. Koma tulo. Tulo tokoma zedi. Ndipo ndinkadziwa kuti ndikagona, basi."

"Ndiye anakubayani jekeseni?"

"Jekeseni anabaya. Kenako anandinong'oneza kukhutu: 'Yunus, phiri lanu la Zomba lija ndi chulu.' Ine, wobadwira pa Chinamwali, mu Zomba momwemuno. Maso anatseguka okha. Ndinati, kwanuko zipatso za sitiroberi munaziona? Iwo akuti, kwathu kuli tiyi. Akundikhwekhwereza, ine ndikukangana. Akundibereka, ine ndikukangana. Mpaka ndege inatera. Imfa inadikira, inatopa, inanyamuka. Mlandu unali usanathe."

Anthu onse anafa nacho chiseko. Nickson yekha sanaseke. Maso ake anali pamendulo.

"Amayi, munkakwawa iwo akuwombera? Mfuti mulibe m'manja?"

"Manja ndi awiri okha, mwanangu. Lina lamba, lina Yunus."

Nickson anabwerera pamene panali Kevin, namugunda ndi chigongono. "Aise, ndiwe wabodza. Koma wabodza wopusa. Nkhani yeniyeni uli nayo m'nyumba, iwe n'kumatipatsa za m'mafilimu."

Wina anatsegula wailesi. Nyimbo inayamba. A Yunus anaponya ndodo paudzu, nayamba kuvina. Mwendo woikirira unkachedwa pang'ono, koma chiuno chinkadziwa ntchito. Azimayi analulutira. Ana ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu anasiya mabasiketi, nabwera kudzaonera.

Amayi anadzakhala pambali pa Kevin. Ankanunkhira utsi ndi anyezi.

"Khumi?" anafunsa motsitsa mawu.

Kevin anazula udzu. "Ndinkaona ngati za mabandeji andiseka."

"Ndi mmodzi," anatero amayi, akuloza ndi chibwano munthu wovinayo. "Mmodzi yekhayo. Wolemera ngati thumba la simenti, wamakani ngati mbuzi. Ali ndi ana atatu amene akumutcha abambo mpaka lero."

Kevin anayang'ana. A Yunus anazungulira, napepesuka, nakhazikika, akuseka.

"Lolemba ndikafotokoza m'kalasi," anatero Kevin.

"Ukayambe ndi zoti unanama," anatero Nickson, pakamwa patadzaza nyama.

 Kevin anagwedeza mutu movomera.

"Mwana wa a Sajeni, bwera kuno," anaitana a Yunus. "Nyimbo iyi ndi yothamanga, ndikufuna phewa."

Kevin anadzuka. Analowetsa phewa lake kukhwapa kwawo. Analidi olemera.