Masamba Pamsewu wa ku Ngara

Brave Mwakikunga ananyamuka pa Karonga mochedwa, mdima utagwira kale, ndipo ananyamuka wapansi ngati munthu wamba. Minibasi yake inatsala pabwalo la apolisi, makiyi ali m'thumba mwa wapolisi wamkazi amene sanafune kumva za kupepesa. Anamugwira masana akuuluka pa 120 pamalo olembedwa 50, anthu atathithikana m'katimo ngati usipa m'thumba. M'malo mogonja, mkuluyu anatsegula pakamwa, akuti msewu amaudziwa kuposa kamera. Anamusiya pabenchi mpaka madzulo kuti aziuza khoma nzeru zakezo.

Ali pabenchi pomwepo foni inalira. Anali mkazi wake Yunike, akuimba kuchokera kwawo ku Ngara.

"Adada ake Ipyana, bwerani! Mwana wagundidwa pamsewu... akupuma, koma..."

Foni inathima pomwepo, batire litatha. Ipyana anali mwana wawo mmodzi yekhayo, kamtsikana ka sitandade 3 kokonda kuthamangira bambo ake pasiteji kukawalanda chipewa. Kaya anali moyo, kaya ayi, Brave sankadziwa. Mtima unamuwawa kuposa mmene unamuwawirapo chibadwire.

Pamene ankamutulutsa, maminibasi anali ataweruka. Anakwera lole ya simenti yopita kumwera, yoyenda ngati nkhono, ndipo njira yonse anangokhalira kutukwana dalaivala wake kuti aponde moto. Dalaivalayo anapirira mpaka pamlatho wina kumpoto kwa Ngara. Apo anaima, n'kutsegula chitseko.

"Tsikani, bwana wa liwiro. Miyendo muli nayo."

Madalaivala a pamsewu uwu ndi anthu a mtundu wawo, ndipo Brave anali mfumu yawo. Kwa iwo chikwangwani cha liwiro n'chokongoletsera msewu basi. Amati 50 ndi ya ophunzira kuyendetsa ndi onyamula bokosi. Polowa mu Ngara pali chikwangwani chimodzi chotere, chopindika mwendo, chimene anthu a pamenepo amachitcha chikwangwani cha Nyagondwe. Brave ankachidutsa tsiku lililonse, nyumba yake ili kuseri kwake komweko, koma sanafunsepo kuti Nyagondweyo ndani. Lamulo lokhalo limene iye ankalisunga linali la pakati pa madalaivala okhaokha. Mukakumana, kuthwanimitsa magetsi ndiye kuti kutsogolo kuli apolisi. Kutulutsa dzanja pawindo n'kulipukusa ndiye kuti kulibe, ponda. Masana omwewo, atangotuluka mu Ngara kulowera ku Karonga, anakumana ndi mnzake Hudson akubwera, n'kumupukusira dzanja, onse akuseka.

Tsopano analibe windo, analibe hutala. Panali iye, phula lotentha kunsi kwa nsapato, ndi achule akusokosa m'minda ya mpunga. Kumtunda kwa msewu kunali nkhalango ya manda, yakuda bii. Brave sanayang'aneko. Maso ake anali pansi, akufufuza chinthu chimodzi chimene sankafuna kuchiona.

Masamba.

Pakagwa maliro pafupi ndi msewu, anthu amathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala paphula kuti galimoto zichepetse liwiro, apanjinga atsike. Brave nthambi zotere ankangoziponda, n'kumati wakufa sakwiya. Koma usiku uwu ankapemphera chamumtima, munthu woti kutchalitchi amangopita pa ukwati, kuti msewu ukhale woyera mpaka pakhomo pake. Msewu woyera ndiye kuti Ipyana akupuma.

Anayenda. Anapitirira manda. Anayamba kupuma bwino.

Kenako phazi linakodwa m'chinthu.

Anawerama n'kupapasa. Nthambi ya mango, yaiwisi, utomoni ukumata m'manja. Anadziuza kuti yagwa pangolo ya munthu wina, n'kuikankhira m'ngalande. Atayenda pang'ono anaona ina, itayalidwa bwinobwino pakati pa msewu. Patsogolo pake ina. Ndi ina...

Anaima n'kumvetsera.

Khwaa... khwaa... khwaa...

Chinthu chinkakokedwa paphula. Mwezi unasuzumira pang'ono m'mitambo ndipo Brave anaona mayi patsogolo pake. Anali atasenza beseni pamutu osaligwira. Phazi limodzi linali ndi patapata, lina lopanda. Dzanja lamanja linkakoka mtolo wa nthambi, lamanzere likungolendewera ngati malaya opanda munthu. Fungo la nsomba zaziwisi linadzaza msewu wonse. Mayiyo ankati akayenda pang'ono, n'kusolola nthambi imodzi, n'kuiyala, beseni osagwedezeka.

"Monire, mama," anatero Brave. "Maliro ndi a ndani?"

Mayiyo sanacheuke. Anayala nthambi ina.

"Mama, ndikufunsa! Nyifwa njanjani? Amwalira ndani?"

"Pachikwangwani palembedwa chiyani?"

Mawuwo anali ouma, osakwera, osatsika, ngati a munthu amene wakhala akufunsa funso lomwelo kwa zaka.

Mantha a Brave anasanduka ukali, monga amachitira anthu ozolowera kukalipira anzawo. Analumphira nthambi ija n'kuiponya kutchire.

"Palibe wamwalira kuno! Mwana wanga akupuma, mwamva? Chotsani zinyalala zanuzi!"

Mayiyo anasolola ina n'kuyala pamalo omwewo.

Brave anaichotsa. Iye anayala. Brave anachotsanso, akutukwana, akuponya uku ndi uku, thukuta likulowa m'maso. M'mutu mwake munali chinthu chimodzi, chopusa koma cholimba: akangolola nthambi imodzi kukhala paphula, mwana apita. Manja anachekeka. Anagwa, n'kudzuka. Koma mtolo wa mayiyo sunkachepa.

"Lero mukutola ndi manja," anatero mayiyo. "Anga munaponda ndi matayala."

"Anu ati?"

"Munalizanso hutala."

Brave anaima. Achule anali atasiya kulira. Mphepo inalibe.

Anaganiza zongomusiya wamisalayo. Anamulambalala chapatali n'kuyamba kuthamanga, nsapato zikuwomba phula. Anathamanga mpaka nthiti zinabaya. Pamene anakweza mutu...

Khwaa... khwaa...

Anali patsogolo! Beseni lomwe lija, patapata imodzi, akuyenda pang'onopang'ono ngati wopita kudambo.

Brave anamudutsanso. Anathamanga mwa imfa ndi moyo. Anatseka maso. Anatsegula.

Patsogolo!

"Thamangani, dada," anatero mayiyo osacheuka. "Si ndinu odziwa kuthamanga? Ine ndikuyenda, koma ndikafika ndine."

"Mukufuna chiyani kwa ine? Ndakulakwirani chiyani?"

"Pachikwangwani palembedwa chiyani?"

"Fifite!" Brave anakuwa, misozi ikutsika. "Palembedwa fifite! Ndayankha! Ndisiyeni ndikaone mwana wanga!"

"Kani mumawerenga."

Anali atafika pachikwangwani chopindika chija. Kuseri kwake, pakati pa migwalangwa, Brave anaona kuwala kwa nyali pakhomo pake. Kunali zii. Palibe wolira. Chiyembekezo chinamubwerera.

Mayiyo anaima chilili patsinde pa chikwangwanicho. M'dzanja munatsala nthambi imodzi yokha. Anawerama kuti aiyale molunjika kanjira kolowera kwa Brave.

"Ayi! Imeneyo ayi!"

Anamulumphira n'kugwira nthambiyo. Anakokana. Zala zake zinakhudza zala za mayiyo, ndipo zinali zozizira, zonyowa, ngati nsomba yongovuulidwa kumene. Apo mayiyo anatembenuka koyamba. Theka la nkhope linali la mayi wamba, wotopa, wa maso aukali. Theka linalo... Brave sanathe kuliyang'ana kawiri. Munali timiyala ta phula.

Kenako dzanja lolendewera lija linayamba kukwera. Linakwera lokha, mafupa akulira gwede, gwede, mpaka linafika pamene pamafika dzanja la dalaivala pawindo.

Linapukusa.

"Kulibe," ananong'ona mayiyo. "Ponda."

Mayiyo anataya nthambi. Brave anagwa chagada paphula. Podzuka, panali chikwangwani chokha, ndi fungo la nsomba likuzirala. Kumbuyo konse kumene anachokera msewu unali woyera, wopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Nthambi inali imodzi, m'manja mwake.

Tochi inamuwalira kumaso. Anali Khumbize Msiska, woyandikana naye nyumba, wogulitsa nsomba zouma, akutuluka m'kanjira kaja chikwanje chili m'manja. Anaunika nkhope ya Brave, kenako nthambi, n'kutsitsa tochi.

"Brave... wakuuza ndani? Foni yako sikupezeka."

"Kundiuza chiyani? Ipyana ali kuti?"

Khumbize anavula chipewa.

"Phepa, mbale wanga. Tinathamangira naye kuchipatala chaching'ono. Watisiya tikudikira ambulansi. Tangofika naye kumene, amayi akumuyalira m'nyumba. Ine ndimati ndikadule masamba, ndiye ndikupeza iwe wanyamula kale."

Ngati kuti amadikira mawu amenewo, kulira kwa Yunike kunang'amba mdima, amayi ena n'kulandira. Brave anatsamira chikwangwani, chifuwa chikukwera n'kutsika, koma nthambi sanaitaye.

"Si ine ndathyola," anatero Brave. "Ndalanda kwa mayi wina. Wayala msewu wonse kuchokera kumanda. Wa beseni la nsomba... patapata imodzi... dzanja lothyoka."

Khumbize anamuunikanso kumaso.

"Lamanzere?"

"Enya, lamanzere."

"A Chiuta ŵane!" Khumbize anabwerera m'mbuyo, maso ali pachikwangwani. "Brave, chimene watsamiracho ndi chake. Amenewo ndi a Fainess, Nyagondwe. Anagundidwa pomwe waimapo, akuoloka ndi nsomba kuchokera kunyanja, chaka chimene mgodi wa Kayelekera unatsekedwa. Iwe unali usanasamukire kuno. Patapata inayo sitinaipeze mpaka lero. Chikwangwanichi aboma anadzachiika iwo atamwalira kale, ife titakwiya n'kutseka msewu."

Brave anachotsa msana pachitsulocho ngati chamuotcha.

"Ndipo tsiku loika maliro awo," Khumbize anapitiriza, mano akukukuta, "tikuoloka ndi bokosi kupita kumanda, minibasi ina inabwera ikuliza hutala, n'kudutsa pamasamba ngati palibe kanthu. Onyamula anabalalika, bokosi linagunda pansi. Dalaivala wakeyo sitinamuone nkhope. Tikanamuona, bwenzi titaika awiri."

Brave anakumbukira. Anakumbukira masamba akuuluka pagalasi, amayi a zitenje akulumphira m'ngalande, kondakitala wake akuseka. Tsiku limenelo anafika pa Karonga woyamba, n'kulanda anthu onse a pasiteji. Anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi funso lina.

"Wagunda mwana wanga ndani?"

"Mnzako Hudson. Mwana amachokera kusukulu. Mabuleki anagwira galimoto itapitirira kale patali. Anthu amafuna kumuotcha, tam'bisa kwa apolisi. Akungolira ngati wamisala, akuti akanadziwa bwenzi atachepetsa, koma pali mnzake wina amene anamupukusira dzanja kuti kulibe." Khumbize analavula pansi. "Dzina akukana kutchula. Koma atchula."

Brave anayang'ana dzanja lake lamanja. Linali lodzaza utomoni ndi magazi.

"Bwera nayo ndikayale," anatero Khumbize, akutambasula mkono. "Iwe pita kwa mkazi wako."

Brave anakana ndi mutu. Anayenda yekha mpaka pakati pa msewu, n'kugwada. Anayala nthambiyo pamalo penipeni pamene mayi uja ankafuna kuiyala, n'kuiwongola bwino masamba, monga mmene ankafunditsira Ipyana akagona.

Kumwera kunatulukira magetsi. Basi ya usiku yopita kumalire a Songwe, ikubwera ikubangula. Brave anaimirira n'kukweza manja onse awiri.

"Chepetsa! Pali maliro! Chepetsa!"

Hutala inalira. Khumbize anamukokera m'ngalande ndi kolala, mphepo ya basi ikuwawomba kumaso. Pamene fumbi linatsika, nthambi ija inali itaphwanyikira paphula, masamba akubalalika kutsatira magetsi ofiira.

Ndipo kutsidya kwa msewu, patsinde pa chikwangwani, chinthu chinayambanso kukokedwa pang'onopang'ono.

Khwaa... khwaa...